Zobisika m'paipi: ntchito ya akatswiri ofufuza madzi akumwa

Mu Okutobala 2014 fakitale ya General Motors yopanga mainjini a galimoto mumzinda wa Flint, m'boma la Michigan ku America, inasiya kugwiritsa ntchito madzi a mumzindawo. Chifukwa chake chinali chakuti madziwo ankachititsa dzimbiri zitsulo za mainjini. Fakitale inapeza madzi kwina, ntchito n'kumapitirira. Koma anthu pafupifupi 100,000 a mumzindawo anapitiriza kumwa madzi omwewo, kuphikira ndi kusambitsira makanda kwa chaka china chathunthu, uku akuluakulu akuwauza kuti palibe chodetsa nkhawa. Taganizani, madzi okanidwa ndi injini koma ololedwa kwa mwana.

Amene anaulula choonadi sanali apolisi, sanalinso andale. Anali mayi wina wokana kugonja, dokotala wa ana, ndi kagulu ka aphunzitsi ndi ophunzira a pa yunivesite ya Virginia Tech, amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kufufuza zochitika m'kati mwa mapaipi a madzi. Ndikafunsa ophunzira anga a Fomu 3 ndi Fomu 4 zomwe akufuna kudzakhala, ndimamva udokotala, unamwino, uloya, mwina kuyendetsa ndege. Sindinamvepo wina akuti, "Aphunzitsi, ine ndikufuna kudzafufuza tizilombo ta m'madzi akumwa." Si kuti simungaikonde ntchitoyi ayi. Kungoti palibe anakuuzani kuti iliko. Ndiye lero tiikambirane.

Mfundo yoti muigwire kuyambira pano ndi iyi: madzi otuluka pamalo oyeretsera si madzi omwe amafika m'kapu mwanu. Pakatipo pali ulendo wa maola, nthawi zina masiku, ndipo paulendowo madzi amasintha. Anthu amene amaphunzira kusinthako amakhala pamphambano pomwe fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje zimakumana. Maphunziro awo amatchedwa environmental engineering, ndipo nthambi yoona za tizilombo ndi microbiology ya madzi akumwa.

Madzi oyera alinso ndi zamoyo

Madzi a pampopi, ngakhale abwino bwanji, amakhala ndi mabakiteriya. Mumililita imodzi yokha, yomwe ndi timadontho pafupifupi 20, mutha kupezeka maselo kuyambira 1,000 mpaka 100,000. Musataye kapu, chonde. Ochuluka mwa iwo sadwalitsa munthu, amangodzikhalira m'madzimo monga momwe ena amakhalira m'dothi ndi pakhungu lanu.

Kwa zaka zoposa 100 asayansi ankawerenga mabakiteriyawa powadzala pakambale ka chakudya chawo n'kudikira masiku kuti amere. Njirayi inakhazikika m'nthawi ya Robert Koch wa ku Germany. Vuto lake n'lakuti mwa mabakiteriya 100 a m'madzi akumwa, nthawi zambiri omera pakambale safika ngakhale mmodzi. Asayansi a ku bungwe la Eawag ku Switzerland anatchukitsa njira ina yotchedwa flow cytometry, ndipo apa ine wa fizikisi ndimanyada pang'ono. Amathira m'madzi utoto womamatira ku DNA, kenako madziwo amadutsa pakampata kopapatiza kwambiri moti maselo amadutsa limodzilimodzi kutsogolo kwa kuwala kwa laser. Selo lililonse likadutsa limathwanima, makina n'kuwerenga. Ola lisanathe yankho latuluka. Phunziro lija la kuwala lomwe ena mumasinza nalo masana, ndi limene likuwerenga zamoyo apa.

Chinanso, mabakiteriya ambiri sasambira m'madzi ayi. Amamatira kukhoma la paipi, n'kupanga kansalu koterera kotchedwa biofilm. Mukapisa chala m'chigubu chomwe chakhala masabata osatsukidwa, kuterera komwe mumamva ndi komweko. M'kansaluka mabakiteriya amabisala, ndipo mankhwala savutika pang'ono kuwafikira.

Ndiye ntchito ya injiniya wa madzi si kupha chamoyo chilichonse, zimenezo sizitheka. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti tizilombo toopsa tisapeze mpata wolowa kapena woswana. Chida chodziwika kwambiri ndi klorini. Pamalo oyeretsera amathira wokwanira kupha tizilombo, komanso kuti wina atsale ngati kamba wa paulendo. Bungwe la WHO limalangiza kuti madzi pofika kwa womwa akhale adakali ndi klorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita. Kambayu akathera panjira, madzi amatsala opanda mlonda.

Zimene zinachitika ku Flint

Pa 25 Epulo 2014 mzinda wa Flint, womwe unali pamavuto aakulu a zachuma, unasiya kugula madzi ku Detroit, ochokera m'nyanja ya Huron, n'kuyamba kutunga mumtsinje wa Flint pofuna kuchepetsa ndalama zowononga. Madzi a ku Detroit ankathiridwa mankhwala otchedwa orthophosphate, omwe amapanga kachikamba kolimba m'kati mwa paipi kuti madzi asakhudzane ndi chitsulo. Madzi atsopanowa sanathiridwe mankhwalawo. Kuwonjezera apo anali ndi chloride wambiri, yemwe amafulumizitsa kudyeka kwa zitsulo. Kachikamba kaja kanayamba kusweka.

Mapaipi akuluakulu a chitsulo anayamba kutulutsa dzimbiri, madzi n'kumafika m'nyumba ali ofiirira. Mapaipi ang'onoang'ono akale olowa m'nyumba, ambiri opangidwa ndi mtovu, anayamba kusungunulira mtovu m'madzi. Dzimbiri limaoneka, koma mtovu suoneka, sununkha, sumveka kukoma. Umawononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo chowonongekacho sichibwerera. Kuwiritsa sikuuchotsa. Mu Ogasiti ndi Seputembala 2014 anthu a m'madera ena anauzidwa kuti aziwiritsa madzi chifukwa munapezeka mabakiteriya osonyeza kuti madzi aipitsidwa. Ichi chinali chizindikiro chakuti klorini sakufika kumene ayenera kufika.

Mayi LeeAnne Walters, a ana anayi, ataona ana awo akudwaladwala anakakamira kuti madzi a m'nyumba mwawo ayezedwe. Mu Epulo 2015 analumikizana ndi Pulofesa Marc Edwards wa ku Virginia Tech. Kuchuluka kwa mtovu kumayezedwa mu ppb, ndipo malire omwe boma la America linkagwiritsa ntchito anali 15 ppb, kutanthauza mamiligalamu 15 m'thanki ya malita 1,000. Limodzi mwa mabotolo ochokera m'nyumba ya mayi Walters linasonyeza 13,200 ppb. Madzi akadutsa 5,000 ppb, malamulo akumeneko amawaika m'gulu la zinyalala zoopsa.

A Edwards ndi ophunzira awo sanathamangire kunena kuti mzinda wonse uli choncho. Nyumba imodzi si umboni wokwanira. Anatumiza mabotolo oyezera kunyumba 300, anthu a mumzindamo n'kuthandiza kugawa ndi kusonkhanitsa, ndipo a kunyumba 252 anabwerera poyamba. Pafupifupi nyumba imodzi mwa 6 zilizonse inadutsa 15 ppb, pomwe lamulo silinkalola kuti zidutse nyumba zoposa imodzi mwa 10. Pa 24 Seputembala 2015 Dr Mona Hanna-Attisha, dokotala wa ana, analengeza kuti chiwerengero cha ana okhala ndi mtovu wambiri m'magazi chakwera. Kafukufuku wawo atasindikizidwa anasonyeza kukwera kuchoka pa 2.4 kufika pa 4.9 peresenti. Poyamba akuluakulu anawatsutsa onsewa. Koma pa 16 Okutobala 2015 mzinda unabwerera ku madzi a ku Detroit.

Fizikisi yomwe ili m'paipi

Tsopano tulutsani makope, chifukwa zambiri zomwe zinachitikazi mungazimvetse ndi zomwe mumaphunzira kale.

Choyamba ndi msinkhu wa madzi. Nthawi yomwe madzi amakhala m'mapaipi imapezeka pogawa voliyumu ya mapaipiwo ndi kuchuluka kwa madzi omwe akutuluka pa ola: t = V ÷ Q. Mapaipi a Flint anamangidwa mzinda uli ndi anthu pafupifupi 200,000, cha m'ma 1960, mafakitale ali pachimake. Pofika 2014 anthu anali atatsala theka. V sanasinthe, Q watsika, ndiye t wakwera. M'madera ena madzi ankakhala m'paipi masiku ambiri asanafike pampopi.

Chachiwiri, klorini amatha pang'onopang'ono mofanana ndi half-life ija ya mu nuclear physics. Titenge manambala ongoyerekeza. Madzi atuluka ndi mamiligalamu 0.8 pa lita, ndipo theka limatha pa maola 24 aliwonse. Tsiku loyamba atsala 0.4, lachiwiri 0.2, lachitatu 0.1, ndiye kuti wadutsa kale malire aja. Koma chitsulo chomwe chikuchita dzimbiri chimadya klorini mwadyera. Ngati theka likutha pa maola 12, ndiye 0.2 wafika tsiku limodzi lokha. Phatikizani izi ndi madzi okhalitsa m'paipi, muona chifukwa chake mbali zina za Flint klorini ankapezeka wochepa kwambiri kapena osapezeka n'komwe.

Chachitatu ndi kukula kwa paipi. Tengani paipi yotalika mita imodzi, ya dayamita ya masentimita 20. Imasunga malita 31.4, ndipo khoma lake la m'kati ndi masikweya sentimita 6,280. Pa lita iliyonse pali khoma la 200. Tsopano tengani ya masentimita 2, ngati yolowa m'nyumba. Imasunga malita 0.314, khoma lake ndi 628, ndiye pa lita pali 2,000. Kuchulukitsa ka 10! N'chifukwa chake mamita omaliza, a m'nyumba momwemo, ndi amene amasintha madzi kwambiri. Khoma ndi lambiri, madzi ndi ochepa, ndipo usiku wonse amangoima.

Chachinayi, mukukumbukira simple cell, zitsulo ziwiri zosiyana zoviikidwa m'madzi a asidi kapena kubayidwa m'ndimu? Paipi ya mtovu ikalumikizidwa ndi ya mkuwa, madzi ali m'kati, mwapanga batire. Ma electron amachoka ku mtovu kupita ku mkuwa, mtovu n'kumadyeka. A Edwards ndi ophunzira awo anali atasonyeza kale mu labu, zaka zingapo za Flint zisanachitike, kuti madzi okhala ndi chloride wambiri poyerekeza ndi sulphate amakulitsa kudyeka kotereku. Atamva za madzi a mumtsinjewo, ankadziwa choyang'ana.

Bakiteriya wokonda madzi ofunda

Nkhani ya Flint imatchuka ndi mtovu, koma imfa zomwe zinawerengedwa mwachindunji zinabwera ndi bakiteriya wotchedwa Legionella. Dzinali linachokera ku msonkhano wa asilikali akale a bungwe la American Legion womwe unachitikira mu hotela ina ku Philadelphia mu 1976. Anthu oposa 200 anadwala chibayo chachilendo ndipo 34 anamwalira. Mu Januwale 1977 wasayansi Joseph McDade anapeza bakiteriya woyambitsa matendawa.

Legionella ndi wochenjera. Sadwalitsa kwenikweni pomwa madzi, koma popuma timadontho ting'onoting'ono touluka, monga ta m'shawa. Amaswana bwino madzi akakhala ofunda, pakati pa madigiri 25 ndi 45, amabisala m'kati mwa ma amoeba okhala mu biofilm, ndipo amafuna ayironi kuti akule. Tayikani izi pambali pa Flint. Klorini watha. Dzimbiri, lomwe ndi ayironi, lili ponseponse. Madzi a mumtsinje m'chilimwe ndi ofunda kuposa a m'nyanja yakuya. Madzi akukhalitsa m'paipi. Bakiteriyayu anali ngati wayalilidwa mphasa n'kupatsidwa nsima.

Apa ndi pomwe panalowa Pulofesa Amy Pruden, katswiri wa tizilombo ta m'madzi pa yunivesite yomweyo. Iwo ndi a Edwards anali atafufuza kale mu labu momwe madzi odya zitsulo angathandizire Legionella kuswana. Anapempha ndalama zachangu za kafukufuku ku bungwe la National Science Foundation, akunena kuti mtovu ndi tizilombo zonse ziyenera kufufuzidwa ku Flint. Ophunzira awo anatenga madzi m'nyumba ndi m'nyumba zikuluzikulu, n'kufufuza DNA ya Legionella. M'nyumba zikuluzikulu anaipeza yambiri. Mu Januwale 2016 bwanamkubwa wa Michigan, Rick Snyder, analengeza kuti m'deralo munabuka matenda a Legionnaires m'zaka za 2014 ndi 2015. Odwala anali pafupifupi 90, ndipo osachepera 12 anamwalira. Ogwira ntchito zaumoyo ena anali ataona kukweraku kalekale, koma anthu wamba sanauzidwe.

Mu 2018 gulu lina la asayansi linasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti chiopsezo cha matendawa chinkakwera m'madera momwe klorini watsika, ndipo linawerengera kuti pafupifupi 80 peresenti ya odwala inakhudzana ndi kusintha kwa madzi kuja. Akuluakulu a zaumoyo a boma la Michigan anatsutsa, akuloza chala chipatala china chomwe odwala ambiri anadutsamo. Musadabwe nazo. Mu sayansi zotsatira zimaikidwa poyera kuti ena azigwedeze, ndipo zolimba ndi zomwe zimatsala.

Anthuwa anafika bwanji pamenepa?

Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti onse awiri sanayambire ku engineering. A Edwards digiri yawo yoyamba inali ya biophysics, ku yunivesite ya ku Buffalo, mu 1986. Kenako anapita ku University of Washington komwe anamaliza PhD ya environmental engineering mu 1991. Anaphunzitsako ku University of Colorado, n'kusamukira ku Virginia Tech mu 1997. A Pruden anayamba ndi bayoloje, n'kumaliza PhD ku University of Cincinnati mu 2002. Amadziwika kwambiri ndi kafukufuku wa majini omwe amachititsa mabakiteriya kusamva mankhwala, ndi momwe majiniwo amayendera m'madzi. Wina anabwera ndi fizikisi ndi kemisitiri ya zitsulo, wina ndi zamoyo. Akulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Flint linafunadi mitu yonseyi.

Makwerero a ntchitoyi amayenda motere. Digiri yoyamba imatenga zaka 4 kapena 5. Ya masters, chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo apa mumayamba kuchita kafukufuku wanuwanu. PhD imatenga zaka 3 mpaka 6 malinga ndi dziko, ndipo simupatsidwa chifukwa choloweza ayi. Muyenera kupeza chinthu chomwe palibe ankachidziwa, n'kuchiteteza pamaso pa akatswiri. Ambiri amagwirako kaye ntchito ya kafukufuku mu labu ya wina kwa zaka zingapo. Kenako amakhala lekichara, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka upulofesa. Kuchoka pa MSCE kufika pa PhD, werengerani zaka 10 kapena kuposa.

Nanga sabata ya munthu wotereyu imakhala yotani? Amaphunzitsa m'kalasi ngati ine. Amayang'anira ophunzira a masters ndi PhD. Amalemba makalata opempha ndalama za kafukufuku, ndipo ambiri amakanidwa, n'kulembanso. Amalemba zomwe apeza n'kutumiza ku magazini a sayansi, komwe akatswiri ena amazisanthula asanazilole kusindikizidwa. Ntchito ya manja yambiri imagwiridwa ndi ophunzira: kutsuka mabotolo, kulemba manambala pa botolo lililonse, kuyendetsa galimoto usiku, kusefa malita ndi malita a madzi kuti apeze DNA yokwanira. Ku Flint ambiri mwa omwe anachita izi anali achinyamata a zaka za m'ma 20. Mmodzi wa iwo, Siddhartha Roy, anali wochokera ku India ndipo ankachita PhD. Ndikutero kuti mudziwe kuti simudikira upulofesa kuti ntchito yanu ikhale ndi phindu.

Si ntchito ya mu labu mokha

Flint sinali nkhondo yoyamba ya a Edwards. Mu 2003 anapeza mtovu wambiri m'madzi a mumzinda wa Washington, DC. Gwero lake linali lakuti mu 2000 oyeretsa madzi anasintha mankhwala kuchoka pa klorini kupita ku chloramine, ndipo kusinthako kunasokoneza kachikamba ka m'mapaipi a mtovu. Atalankhula, ntchito ina yomwe ankalipidwa inathetsedwa. Mu 2004 bungwe la CDC linatulutsa lipoti lopeputsa vutoli. A Edwards anakhala zaka akufunafuna zikalata, akugwiritsa ntchito ndalama za m'thumba mwawo, mpaka mu 2010 komiti ya nyumba ya malamulo inapeza kuti lipoti lija linali losocheretsa. Pakatipo, mu 2007, analandira mphoto ya MacArthur Fellowship.

Ndipo pali mbali ina yomwe siikambidwa kawirikawiri. Madzi a Flint atayamba kukhala bwino, gulu la Virginia Tech linapitiriza kuyeza, ndipo linanena poyera kuti mtovu ukutsika. Ena mwa anthu a mumzindawo, omwe anali atanamizidwa kokwanira, sanakhulupirire, ndipo ubale wawo ndi a Edwards unasokonekera. Mungawamvetse anthuwo. Koma wasayansi sasankha manambala okondweretsa omwe akumuwombera m'manja. Tsiku lina manambala amakwiyitsa boma, tsiku lina amakwiyitsa anzako. Mu praktiko ya fizikisi ndimaumirira kuti mulembe zomwe ammeter yawerenga, osati zomwe buku likuyembekeza. Chizolowezi chimenecho n'chomwe chimadzakula n'kukhala ntchito ngati iyi.

Nanga kwathu kuno?

Flint ili kutali, koma funso lake ndi lathu lomwe: chimachitika n'chiyani pakati pa gwero ndi kapu? Kuno matenda a m'madzi omwe timawadziwa bwino ndi kolera, taifodi ndi kutsegula m'mimba. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Ena mwa inu mukukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa chake.

Tengani nkhani ya madzi osiyasiya. Paipi ikakhala yodzaza, pressure ya m'kati imaposa ya kunja, ndiye ngati pali mng'alu madzi amatuluka. Madzi akasiya, pressure imagwa, ndipo pamng'alu womwewo madzi akuda a m'dothi kapena m'ngalande amatha kulowa. Emily Kumpel, akuchita PhD ku University of California ku Berkeley pansi pa Pulofesa Kara Nelson, anayerekeza madera olandira madzi nthawi zonse ndi olandira mwa apo ndi apo ku Hubli-Dharwad ku India. Anapeza kuti madzi osiyasiya ndi amene ankaipitsidwa kwambiri, makamaka oyamba kutuluka akangobwera.

Kwa mabanja ambiri paipi yomaliza ndi ndowa. Pa nkhaniyi pali kafukufuku wotchuka yemwe anachitikira kuno komwe, kumsasa wa othawa nkhondo a ku Mozambique wa Nyamithuthu ku Nsanje, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anautsogolera ndi Les Roberts, yemwe ali ndi PhD ya environmental engineering ya ku Johns Hopkins University. Gulu lake linapeza kuti madzi ankatuluka pachitsime ali abwino, koma ankaipa m'ndowa, makamaka chifukwa cha manja owakhudza. Mabanja ena anapatsidwa ndowa yokhala ndi chivundikiro ndi kokhuthulira, yoti dzanja silingalowe. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2001: mabakiteriya ochokera m'chimbudzi anatsika ndi 69 peresenti m'madzi awo, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka 5 kunatsika ndi 31 peresenti. Palibe laser, palibe makina a DNA. Funso labwino, kuyeza mosamala, ndi ndowa yopangidwa mwanzeru, basi.

Mafunso otere sanathe. Klorini amakhala maola angati m'ndowa ya pulasitiki mu Okutobala ku Chikwawa poyerekeza ndi Juni ku Dedza? Mu biofilm ya m'mapaipi a mjigo mumakhala chiyani? Madzi akabwera atasiya masiku awiri, muyenera kutaya malita angati musanatunge akumwa? Woyenera kuyankha ndi munthu amene amadziwa momwe ndowa imasenzedwera ndi pomwe kapu yotungira imaikidwa, ndipo munthuyo atha kukhala mmodzi wa inu.

Poyambira pake

Pa MSCE limbikirani masamu, fizikisi, kemisitiri, bayoloje ndi Chingerezi. Musasiye limodzi poganiza kuti si lanu. Mwaona nokha kuti nkhani ya Flint inafuna onse, ndipo Chingerezi ndi chomwe mudzalembere zomwe mwapeza. Ku MUBAS kuli maphunziro a civil engineering ndi environmental health, komanso likulu la kafukufuku wa madzi ndi ukhondo lotchedwa WASHTED. Ku Mzuzu University kuli maphunziro oyang'anira madzi ndi likulu loona za madzi ndi ukhondo. Wa digiri ya bayoloje, kemisitiri kapena fizikisi nayenso khomo ndi lotseguka, monga tinaonera kwa a Edwards ndi a Pruden. Masters ndi PhD ambiri amachita ndi thandizo la ma scholarship monga Commonwealth, Fulbright ndi DAAD, ndipo oterewa amayang'ana magiredi a digiri yoyamba ndi umboni wakuti munagwirako kafukufuku. Ngati njira yaitaliyi siikukomerani, maphunziro omwewa amalowetsa ntchito m'ma water board, m'ma labu oyeza madzi ndi m'mabungwe a zaumoyo.

Pakadali pano, nayi ntchito ya kalabu ya sayansi sabata ino. Ngati pasukulu panu pali thanki, funsani kapena werengani kuti imalowa malita angati. Kenako yerekezani malita omwe sukulu imagwiritsa ntchito patsiku. Njira yosavuta ndi kuyeza masekondi omwe mpopi umatenga kudzaza ndowa ya malita 20, n'kuwerengera kuti mipopi imakhala yotsegula mphindi zingati patsiku. Gawani V ndi Q, mupeza masiku omwe madzi amakhala m'thankimo. Bwerezani masamuwo poganizira nthawi ya holide, pomwe pasukulu pamatsala alonda ndi mabanja ochepa a aphunzitsi. Ndiye gwiritsani ntchito chitsanzo chija cha theka la klorini kutha pa maola 24, muone kuti pa tsiku lotsegulira sukulu mungakhale mutatsala wochuluka bwanji. Lembani zomwe mwapeza mwaukhondo, ndi manambala ake onse, ndipo mukapereke kwa aphunzitsi anu a sayansi limodzi ndi funso limodzi: thankiyi inatsukidwa liti komaliza?